Mchira wa nkhumba ndi maso a mlamu wanga

Aphungu,

Ndikulemba kalata ino ndili ndi dandaulo limene ndikufuna lilembedwe m'mbiri ya chigwa chino, ndipo ngati nyuzipepala yanu ili ndi kabati yosungiramo zinthu zochititsa dziko manyazi, liikidwe pamwamba penipeni. Loweruka lomaliza la Okutobala, pa phwando lotsekera chaka la kalabu yathu yowombera chandamale, pamaso pa anthu makumi asanu ndi limodzi, bambo mfumu a parishi ali pomwepo, ine ndinapatsidwa mchira wa nkhumba. Unabwera m'mbale yoyera, wopindika bwino, atauveka kariboni kofiira. Anthu anawomba m'manja. Bambo mfumu nawonso anawomba.

Mwambowu mukuudziwa, popeza ndinu wa konkuno. Kalabu imagula nkhumba ziwiri, wopha nyama amazidula, ndipo aliyense amene anawombera pa tsiku la nkhumba amalandira gawo lake malinga ndi m'mene anachitira. Woyamba amatenga mwendo wathunthu wowamba pa utsi. Wachiwiri nthiti. Ndiye zimanka zitsika, msana, phewa, masoseji, mafuta, makutu, mpaka wotsiriza, amene amatenga mchira ndi kuimirira kuti amujambule.

Tsopano mundidziwe. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi chimodzi. Ndinakhala zaka zisanu ku yunivesite, ndipo moyo wanga wonse ndagwira ntchito yoyeza malo. Theka la zikhomo za malire a minda ya m'chigwa chino ndinakhoma ndine. Anthu akalimbirana kamtunda kosakwanira kugonapo mbuzi, amaitana ine kuti ndiwauze pamene pathera pa uyu ndi pamene payambira pa mnzake. Ndawombera mu kalabuyi zaka makumi anayi ndi chimodzi, pa mamita mazana atatu, masiku ano ndi mfuti imene asilikali anandisiyira nditamaliza nthawi yanga ya usilikali. Mwendo ndautengapo kasanu ndi kawiri. Kutsika kupitirira nthiti sindinatsikepo.

Chaka chino mwendo unapita kwa mlamu wanga Remigi, mchimwene wa mkazi wanga Resi. Remigi ndi mlimi wa ng'ombe za mkaka, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, amakhala pamwamba pa phiri pamene msewu umathera. Ndi munthu wabwino. Tchizi chake chimadyeka. Koma zaka makumi asanu mu kalabu, chachikulu chimene anapitapo nacho kunyumba ndi masoseji anayi. Remigi akagona pa mphasa ndi mfuti, chandamale chimapumula, zimene zimada nkhawa ndi mitengo.

Mmene zinachitikira ndi motere. Masiku onse, ukawombera, anthu a m'ngalande ya pansi pa chandamale amakweza ndodo ya mutu wozungulira kukusonyeza pamene chipolopolo chalowa. Ukaphonya umadziwa pomwepo, n'kukonza. Koma pa tsiku la nkhumba sasonyeza kanthu. Amapachika mapepala ojambulidwa nkhumba, mizere yowerengera ili kumbuyo, aliyense amawombera kakhumi pa mphindi ziwiri, ndipo mapepalawo amakulungidwa n'kutsekeredwa mpaka pa phwando, patapita masabata awiri. Makolo athu anakonza choncho kuti anthu azibwera ku phwando. Akanadziwa zimene zidzandichitikire ine, akanaganiza kawiri.

Ine ndinagona pa mphasa ya nambala 6, Remigi pa 7. Pa 8 panalibe munthu, mwini wake ng'ombe inali kubereka, koma pepala lake linali litapachikidwa kale. Ndinayang'ana manambala pamwamba pa mtumbira kamodzi, ndinapeza langa, ndinatsamiritsa tsaya pa mfuti. Ndipo apa ndikufuna aliyense wodziwa mfuti andimvetse. Mfuti za makolo athu zija umakoka chitsulo ndi dzanja ukatha kuwombera, mutu umadzuka, diso limaonanso dziko. Zathuzi zimalowetsa zokha chipolopolo chotsatira. Tsaya silichoka, diso silichoka, chala chokha ndicho chimagwira ntchito. Ukayamba pa pepala limodzi umathera pomwepo. Ndinakhethemula kakhumi, ndipo ndikukuuzani mosadzitama kuti sindinawomberepo bwino choncho chibadwire. Mpweya unali bata, chigongono chili nji, chipolopolo chilichonse ndinachimva chikupita kwawo.

Titadzuka, Remigi anavula zotseka m'makutu nati, "Alamu, lero nkhumba ndaimva ikulira." Ine ndinamuyankha kuti mwina inali ya kwa aneba. Tinaseka, tinapita kukamwa khofi wothira kachasu wa zipatso.

Pa phwando wapampando amayamba kuitana kuchokera pamwamba. Ine ndinali nditamasula kale batani la jekete kuti ndiimirire bwino. Wapampando anavala magalasi, anayang'ana pepala, anawavula, anawapukuta, anawavalanso. "Woyamba, ndi mapointi 96 pa 100, Remigi." M'holo munakhala chete moti tinamva firiji ya kukhitchini. Kenako anthu anaimirira. Remigi sanaimirire msanga. Anakhala pampando manja ali pa tebulo, misozi ikutsikira m'ndevu, mpaka Resi anamukoka mkono. Atamupatsa mwendowo anaunyamula ngati akupita nawo ku ubatizo.

Ine ndinadikira nthiti. Zinapita. Msana unapita. Masoseji anapita kwa anthu amene ndinawaphunzitsa ndekha kugwira mfuti. Makutu atapita kwa mphunzitsi wa piyano amene analowa kalabu mu Meyi, wapampando anatsokomola nati, "A Melk, pepala lanu linali loyera ngati nsalu ya pa guwa. Ngakhale ntchentche sinaterepo." Chithunzi chake munachiona nokha, nyuzipepala yanu yomweyi inachiika pa tsamba lachinayi, chachikulu kuposa cha mlatho watsopano.

Lolemba m'mawa ndinavala tayi n'kupita kwa mayi Hedi. Mayi Hedi ndiwo akhala mkulu wa m'ngalande zaka makumi awiri, ndiwonso amawerenga mapointi, ndipo masiku ena onse amagulitsa tchizi pafupi ndi siteshoni. Ndinali nditakonza mawu. Sanandilole kuwayamba. Anatembenuza chikwangwani cha pa chitseko, anachotsa sikelo pa kauntala, anayala mapepala atatu.

La 6 linali loyera, monga ananenera. La 7 linali ndi timabowo khumi pa phewa la nkhumba, tothithikana moti chikhatho changa chinativundikira tonse. La 8, la munthu amene sanabwere uja, linali ndi mabowo asanu ndi atatu, aakulu, omwazika ngati nkhuku zaona kabawi. Limodzi pa khutu, awiri m'miyendo, ena m'mwamba mopanda nkhumba.

"A Melk," anatero mayi Hedi, "inu ndi ophunzira. Mfuti yanu ndi ya mtundu watsopano uja wa tizipolopolo ting'onoting'ono. Ya a Remigi ndi chimfuti chakale chija chobowola polowa pensulo. Tandiuzani, timabowo ta pa 7 ndi ta yani?"

Ndinati dzuwa linali litangotuluka paphiri.

"Dzuwa linatulukira anthu makumi anayi. Amene anasamukira kwa aneba ndi awiri, ndipo ndi pachilamu."

Aphungu, mwamva. Ine ndinawombera pepala la Remigi, Remigi anawombera la munthu wa ng'ombe yobereka. Tonse tinasuntha khomo limodzi kumanja, mwaulemu, popanda wopondana ndi mnzake. Mapointi 96 aja ndi anga. Mwendo umene uli pa mbedza m'khitchini mwa mlamu wanga ndi wanga.

Ndinafunsa mayi Hedi chifukwa chimene sananenere pa phwando. Anatsegula kabuku ka malamulo a kalabu n'kuloza ndi mpeni wa tchizi. "Mabowo opezeka pa pepala ndi a munthu amene anagona pa mphasa ya nambala imeneyo, ndipo palibe kudandaula. Lamulo ili analemba ndani?" Ndinalemba ndine, Aphungu, zaka makumi awiri ndi zisanu zapitazo, nditatopa ndi anthu olira. Linalembedwa bwino kwambiri. Ndalizungulira mbali zonse, mulibe polowera.

"Komanso," anapitiriza, "ndinaona mkulu uja akulira, ndipo ine mtima ndili nawo, ngakhale a m'komiti sakhulupirira. Koma werengani bwino pepala la 8. Anawombera kakhumi. Mabowo ndi asanu ndi atatu. Ziwirizo ndazifuna mu mtumbira, sindinazipeze. Ndinu mlamu wake, muone chochita. Tchizi mugula?"

Apa ndiye pamene nkhani yanga ikusiya kuseketsa, ndipo ndikupemphani muwerenge mofatsa. Remigi ali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Resi wakhala akulimbana naye zaka ziwiri kuti akachotse, mpaka anavomera, tsiku linaikidwa la mu Novembala ku chipatala cha ku Luzern. Analonjezanso kuti chaka chino n'chomaliza, akabweza mfuti kwa asilikali ndi kusiya kutsetsereka ndi galimoto pa msewu wa m'phiri uja, umene ngakhale wa maso awiri abwino amautsika akupemphera. M'mawa mwake mwa phwando anaimba foni ku chipatala n'kufafaniza tsikulo. Resi atamufunsa, anati, "Mlongo wanga, munthu wowombera 96 pa mamita mazana atatu akatani kwa dokotala wa maso? Mwina dokotalayo abwere kuno ndimuyeze ine." Mfuti sanabweze. Waipaka mafuta. Walembetsanso mpikisano wa mu Januwale, uja wa panja m'nkhalango, wopanda denga ndi makoma, anthu atagona pa chipale mizeremizere ndi oonerera ataima m'mbali ndi makapu a supu.

Ndiye mudzati, kamuuzeni. N'zosavuta kulemba. Mkazi wa Remigi anamwalira mu Marichi. Kuchokera pamenepo munthuyo amalankhula ndi ng'ombe zokha. Tikamuitana ku chakudya amakhala ngati mpando wowonjezera, kudya, kuthokoza, kupita. Chilandirireni mwendo uja wayamba kulankhula. Wayamba kumeta. Vuto ndi lakuti zonse zimene akulankhula akulankhulira ine.

Potuluka mu Misa, pa masitepe, anthu onse akumva: "Alamu, mchira uja munadya, kapena mwauika m'felemu pafupi ndi digiri?" Ku makadi Lachinayi: "Aprofesa, khadi ndi ili apa, musaponye pa tebulo la eni ake." Sakudziwa n'komwe kuti akulasa pati. Sabata yatha anandigwira paphewa, nkhope ili yachifundo, nati, "Musataye mtima, zimachitika ndi ukalamba. Bwerani kwathu Lachitatu ndikuphunzitseni kapumidwe." Ine, Aphungu. Kapumidwe. Mwendowo akuti saudula mpaka pa Khirisimasi, ndipo watiitana. Akuti ine adzandipatsa kagawo kokulirapo chifukwa chaka chandivuta.

Resi ndinamuuza zonse tsiku lomwelo la mapepala. Anali kusenda mbatata. Sanaleke kusenda. Anati, "Bambo a Pia, mchimwene wanga waseka koyamba chimuikireni mkazi wake m'manda. Mukamulanda mwendo umenewo, mukasamukire ku galaja ndi zikhomo zanu." Ndinati chabwino, ndikhala chete. Anati, "Ndipo akagwa ndi galimoto m'phiri muja, kapena akalasa munthu mu Januwale, ndidzafunsa inu, chifukwa mumadziwa." Ndinafunsa kuti tsono ndinene kapena ndisanene. Anati, "Anapita ku yunivesite ndinu," n'kundipatsa mbale ya makoko kuti ndikataye.

Zoona zake, mwendo ndadyapo kasanu ndi kawiri, ndikudziwa kukoma kwake, sukundisowetsa mtendere. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi nkhope ya Remigi pa phwando paja, ndi zipolopolo ziwiri zimene mayi Hedi sanazipeze. Ndikamuuza, ndimubweza kwa ng'ombe zake. Ndikapanda kumuuza, ndikumusiya ayende ndi mfuti ndi galimoto pa maso a munthu wina. Takhala pa mphasa zoyandikana zaka makumi anayi. Sindinamunamizepo, kupatula za tchizi cha chaka cha chilala.

Pomaliza ndinene kuti vuto lonseli gwero lake ndi kusasamala kwa anthu olemba manambala m'dziko muno. A pa mtumbira aja afufutika, 6 ndi 7 sizikusiyananso. Si kokhako. Manambala a mabasi masiku ano amalembedwa ngati akubisa. Ngakhale m'tchalitchi, pa bolodi la nyimbo, wosanja manambala wayamba ulesi, moti Lamulungu lapitali ndinaimba ndime yathunthu ya nyimbo ya maliro pa ubatizo wa mwana wa wapampando, ndekha, ndi mawu amphamvu.

Choncho ndikufuna malangizo anu pa za Remigi. Koma ndikufunanso chilungamo, ndipo zofuna zanga n'zochepa. Kalabu ipakenso penti manambala onse. Nyuzipepala yanu isindikize chithunzi changa china, chachikulu mofanana, nditanyamula chinthu chaulemu. Bambo mfumu abweze kuwomba m'manja kwawo poyera, pa guwa, Lamulungu la anthu ambiri. Ndipo mbali ya kumanzere ya mwendo uja ibwere kwanga mwakachetechete, pamodzi ndi nkhumba yamoyo imodzi yoti ndiziyenda nayo popita ku Misa mpaka mbiri yanga itabwerera. Mchira uli mu firiji, ndausunga ngati umboni.

M. Z., Stans


A M. Z.,

Kalata yanu yafika, masamba asanu ndi anayi, zilembo zake zazikulu ngati nyemba. Tiyambe ndi mchira kuti uchoke pa tebulo. Ndi wanu. Munaupeza mwachilungamo, pansi pa lamulo limene munalemba nokha, ndipo ndikugwirizana nanu kuti linalembedwa bwino. Munthu amene wathera moyo wake akuuza alimi pamene munda wawo wathera, n'kukalima kakhumi m'munda mwa mlamu wake, asadandaule akapatsidwa mchira. Makalabu ena akanakupatsani mbale yokha.

Tsopano za penti. Lachiwiri ndinakwera basi yodutsa kumunsi kwa bwalo lanu, nambala ya basiyo ndinaiwerenga ili kutali. Manambala a pa mtumbira wanu ndi akuda pa zoyera, aatali ngati chitseko, ndipo ndinawawerenga onse khumi ndi awiri ndili pampando, pawindo pali nthunzi. Ndili ndi zaka zoposa zanu. Bolodi la m'tchalitchi sindinapite kukaliona, koma ndikukhulupirira kuti anthu ena onse anaimba ya ubatizo.

Mwandilembera masamba asanu ndi anayi za maso a Remigi. M'nkhani yanu muli anthu awiri amene sanaone nambala, ndipo mmodzi yekha ndiye anali ndi tsiku kwa dokotala. Dzanja lanu lili bwino, 96 si masewera. Koma dzanja labwino pa pepala lolakwika ndi loopsa kuposa dzanja lonjenjemera, chifukwa limalasa chimene lalunjika. Mwanena nokha kuti mfuti yanu siikupatsani mpata wodzutsa mutu. Ndiye kuti kuyang'ana koyamba kuja ndiko kokhako kumene muli nako, ndipo n'kumene kwakuthawani. Ndikudziwa kuti mukudziwa. Munthu sauza nyuzipepala za nyimbo ya maliro pa ubatizo ngati sakufuna kuti wina amuuze.

Ndipo ichi ndicho chikupulumutseni, chifukwa funso lanu lakuti mumuuze kapena ayi lili ndi yankho limodzi. Mumuuze. Nkhani ndi ya kauzidwe. Mukapita kwa Remigi ngati katswiri wolandidwa mwendo, mukamuphwanya, ndipo Resi adzachita bwino kukutumizani ku galaja. Mupite ngati munthu wa mchira.

Musanakwere phirilo, chotsani chitsulo cholowetsa zipolopolo cha mfuti yanu, mukachisiye kwa mayi Hedi, achitsekere pamene amatsekera mapepala. Muimbe foni ku Luzern mupemphe malo a anthu awiri tsiku limodzi, loyandikira, Januwale asanafike. Kenako Lachitatu mupite ku phunziro lanu la kapumidwe. Anakuitanani, pitani. Mubwereke mapepala atatu aja. Resi asabwere, ndipo musachite izi pa masitepe a tchalitchi kapena pa tebulo la makadi. Mumupeze m'khola masana, pamene manja ake ali ndi chogwira ndipo ng'ombe zokha ndizo mboni.

Muyambe ndi lanu. Muyale pepala loyera lija munene kuti, alamu, ine nambala sindinaione, ndipo si dzuwa. Munene za basi, munene za nyimbo, mumulole aseke mpaka akhute. Kenako muyale ena awiriwo, mukhale chete. Kukhala chete kukuvutani, ndaona kalata yanu, koma yesetsani. Remigi wawombera zaka makumi asanu. Mwina saona bwino, koma chala chake chikalowa m'bowo chidzadziwa mfuti imene inabowola. Musamuwerengere mapointi. Muwerenge naye mabowo a pa 8, mufike pa asanu ndi atatu, muime pamenepo. Mlimi amene amatseka geti kawiri kuopa kuti ng'ombe ingalowe mu msewu adzamva zimene zipolopolo ziwiri zikutanthauza popanda digiri.

Adzakwiya. Mwina adzakutulutsani m'khola, mwina masabata awiri sadzakupatsani moni. Zimenezo mupirire, n'zopepuka kuposa kuima pa chipale mu Januwale mukuyang'ana kumene mfuti yake yaloza. Mumuuze momveka kuti mwendo ndi wake, mwa lamulo, ndipo dzina lake pa bolodi la kalabu silichoka. Za mabowo mukudziwa ndinu, Resi ndi mayi Hedi, ndipo zithere pomwepo. Owerenga a ku Stans amene azindikira anthu a m'kalatayi, ndipo ndi onse, ndikuwapempha achite zimene amachita bwino kwambiri anthu a m'chigwa chathu, kudziwa chinthu zaka makumi atatu osachitchula. Mwa ichi yankholi ndinayamba ndakutumizirani panokha, kalatayi n'kuisunga m'kabati mpaka mutandidziwitsa kuti Lachitatu lija lapita, ndipo ikutuluka lero chifukwa mwatero.

Mukuopa kuti mumubweza kwa ng'ombe zake. Ine sindikuganiza kuti chamudzutsa ndi nyama. Mwendo uli pa mbedza, sanaulawe n'komwe. Chimene akudya tsiku ndi tsiku ndi inuyo. Wapeza munthu womuseka, wapeza chifukwa chotsikira phiri Lamulungu ndi Lachinayi. Zimenezo simukumulanda, mukumuwonjezera. Taganizani zimene adzachite ndi nkhani yakuti aprofesa anawombera bwino kwambiri m'moyo wawo pa pepala la eni ake. Imeneyo idzamusunga zaka khumi. Inu mungoipirira, ndiyo ntchito ya mlamu.

Ku Luzern ayendetse Resi, kapena mukwere sitima. Inu awiri musagwire chiwongolero cha chinthu chilichonse choposa wilibala mpaka dokotala atanena. Kuchotsa ng'ala masiku ano anthu amapita m'mawa n'kubwerera tsiku lomwelo, ndipo ndikudziwa okalamba angapo amene anabwerera pa mphasa pambuyo pake. Lanu lingakhale vuto la magalasi chabe, lingakhalenso lina, ine si dokotala ndipo inunso ayi. Mukafunse.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo apa sindikuseka. Remigi akakana zonse, akaumirira za mu Januwale, mupite kwa wapampando inu ndi mayi Hedi, ndi mapepala atatu, mpikisano usanafike. Pamenepo manyazi ake ndi anu zilibe ntchito. Chinsinsi chimasungidwa pa nkhani ya nyama. Pa nkhani ya mfuti yolozedwa ndi munthu wosaona bwino, pali anthu a makapu a supu amene sanavomere kusunga nawo. Ndipo inu nokha musagonenso pa mphasa, ngakhale kungoyesa, chitsulo chija chisanabwerere kwa inu ndi kalata ya dokotala.

Zofuna zanu ndazipereka kumene zikuyenera. Wojambula wathu akuti abwera kudzakujambulani mutavala magalasi atsopano, chimenecho ndi chinthu chaulemu. Bambo mfumu sindinawavutitse. Nkhumba yoyenda nayo ku Misa ndakana, chifukwa palibe chitsimikizo chakuti mudzabwerera kunyumba ndi yanu.

Koma inenso ndili ndi dandaulo. Ndalipira basi ndi nthawi yanga kukawerenga manambala amene analibe vuto, ndipo masamba anu asanu ndi anayi andidyera Lolemba lonse. Ndikufuna chipukuta misozi. Pa Khirisimasi, mwendo uja ukatsika pa mbedza, kagawo kamodzi kabwere ku ofesi ino, kopyapyala koti ndiwerengere nyuzipepala kudzera m'menemo, kodulidwa ndi mmodzi wa inu awiri amene dokotala wamumasula. Mchira muphike supu, mudye ndi mlamu wanu. Mbale zake muzilembe manambala, aakulu.

Aphungu